Kukakwatiwa kunja kumene kuli mwana womupeza

Pa Mayani, m'dera la Mfumu Yaikulu Tambala ku Dedza, ulendo wa ku Joni si wachilendo. Munthu amatulukira pa Linthipe, n'kulowa msewu wa M1, kudutsa pa chipata cha Dedza, ku Tete, ku Nyamapanda, ku Harare ndi ku Beitbridge, mpaka kukatsika pa Park Station mu Johannesburg. Ambiri amakasaka ntchito. Koma alipo ena amene ulendo wawo ndi wa banja. Mtsikana watumiziridwa ndalama ya basi ndi mwamuna amene ali kale ndi mwana wa mkazi woyamba, kapena mnyamata wapeza mkazi wa komweko amene akulera mwana wa bambo wina. Nkhani ino ikuunika ukwati wa mtundu umenewu.

Vuto lake lili pati

Ukwati wotere umasenzetsa munthu akatundu awiri tsiku limodzi. Akusiya kwawo kukakhala mlendo pamaso pa boma, pa chiyankhulo ndi pa miyambo. Akulowanso m'nyumba momwe muli kale mwana amene sadamubereke, amene timati mwana womupeza. Katundu mmodzi yekha mwa awiriwa ndi wokwanira kugwedeza banja. Akaphatikizana, wobwerayo amapezeka kuti chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chadalira ukwati, pamene mtendere wa ukwatiwo wadalira mwana amene sadafunsidwe n'komwe.

Palinso anthu ena amene saoneka pa chithunzi cha pa WhatsApp koma ali ndi mawu pa nkhaniyi: kholo lina la mwanayo, agogo ake ndi amalume ake. Amati ukwati ndi anthu awiri. Pamene pali mwana womupeza, mawu amenewa sakwanira.

Kumene zidachokera

Amuna a ku Dedza adayamba kalekale kupita ku migodi ndi ku mafamu a kum'mwera, ena kudzera ku Wenela, ena ku Mthandizi wa ku Southern Rhodesia, ena paokha wapansi. Amene sadabwerere tidawatcha matchona, ndipo ambiri mwa iwo adakwatira komweko, n'kulera ana awo ndi ana owapeza. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu a ku migodi. Kulembako kudayambiranso mu 1977 pansi pa bungwe la TEBA, n'kudzatheratu mu 1988. Zidzukulu za matchona ku Zimbabwe zidakhala zaka zambiri zikutchedwa alendo m'dziko lomwe zidabadwira, mpaka malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013 adazindikira kuti wobadwira m'Zimbabwe amene kholo lake lidachokera m'dziko la SADC ndi nzika. Mapepala amene kholo silidalongosole amakavutitsa ana ndi adzukulu.

Kumbali ya Mozambique, maukwati odutsa malire ndi akale kuposa malirewo. Anthu a ku Angonia ndi a ku Dedza amayankhula chimodzi, ndipo pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992, othawa kwawo oposa 1 miliyoni adakhala m'Malawi, ena n'kukwatirana ndi eni dziko. Kumeneko miyambo ndi yofanana, ankhoswe amatha kuyenderana pa njinga, choncho vuto limachepa.

Chasintha kuyambira 1994 n'chakuti tsopano akazi nawonso amapita, ndipo chibwenzi chimatha kuyambira pa Facebook n'kufika pa ulendo anthu asanakhalepo pansi pamodzi.

Mwana ndi wa yani

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kwa Achewa ndi Ayao a ku Mayani, mwana ndi wa kuchikazi. Amawerengedwa mu mbumba ya amayi ake, ndipo woyang'anira mbumbayo ndi mlongo wa mayiyo, amene mwana amati amalume kapena atsibweni. Pa chikamwini, mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi. Banja likatha, iye amanyamula zake n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala. Mwamuna wachiwiri akabwera amawapeza anawo ali pamudzi pawo, akudya za m'munda wa amayi awo, amalume ali pafupi. Iye ndiye mlendo, osati anawo. Akawazunza, ankhoswe amaitanidwa msanga. Ngakhale pa chitengwa, pamene mkazi watengedwa kupita kwa mwamuna atapereka chiwongo, mwambo umati anawo kwawo ndi kuchikazi.

Dongosolo limeneli lakhala likusintha. Katswiri wa mbiri Kings Phiri adalemba mu 1983 za momwe kubwera kwa Angoni, mamishoni, ulimi wa fodya ndi maulendo okagwira ntchito kunja zidakulitsira mphamvu za bambo pakati pa Achewa. Komabe maganizo akuti mwana ali ndi kwawo kumene palibe angamuthamangitse akadali amoyo.

Tsopano tiyerekeze ndi kumene munthu akupita. Kwa Azulu ndi Axhosa, mwana wobadwa mu ukwati wa lobola ndi wa kuchimuna. Wobadwa mayi asanakwatiwe amawerengedwa m'nyumba ya makolo a mayiyo, ndipo bambo wake amayenera kupereka chindapusa chotchedwa inhlawulo kuti azindikirike. Zotsatira zake ndi izi. Mwamuna wa ku Mayani akakwatira mkazi wachizulu amene ali ndi mwana, akhoza kuganiza kuti zili ngati kwawo, kuti mwana ndi wa mayi basi. Koma mwanayo akhoza kukhala kuti eni ake ndi agogo a kuchikazi, kapena bambo amene adapereka inhlawulo ndipo akadali ndi mawu. Mkazi wa ku Mayani akakwatiwa ndi mwamuna wa komweko, amapeza ana a mkazi woyamba ali pakhomo pa bambo awo, zimene kwawo sizichitika kawirikawiri, ndipo amayembekezeredwa kuwalera kuyambira tsiku loyamba. Akabereka ake, a ku Mayani amati ndi athu chifukwa wabereka ndi mlongo wathu, pamene a kuchimuna amati ndi athu chifukwa tidapereka ng'ombe. Mbali zonse zikunena zoona mwa mwambo wawo, ndipo mkangano umenewu umabisala mpaka tsiku la chisudzulo kapena la maliro.

Ngakhale onse awiri atakhala Amalawi, chipinda cha lendi ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town si mudzi. Mulibe amalume, mulibe agogo, mulibe nyakwawa. Mwana amene kumudzi akadakhala ndi maso ambiri omuyang'anira amatsala ndi munthu wamkulu mmodzi tsiku lonse, kholo lake lili ku ntchito.

Malamulo a boma satsata mwambo wa mbali iliyonse mwachimbulimbuli. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko la Malawi ndi lamulo la mu 2010 losamalira ndi kuteteza ana, komanso gawo 28 la malamulo aakulu a South Africa ndi lamulo lawo la ana la mu 2005, onse amati chachikulu ndi chimene chingamukomere mwanayo. Khoti limamva za mwambo, koma silimangidwa nawo.

Mapepala a ukwati ndi chilolezo chokhalira

Lamulo la maukwati la Malawi la mu 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa chinkhoswe, ndiponso wa anthu amene akhalira limodzi zaka zosachepera 5 khoti litavomereza. Onse okwatirana ayenera kukhala ndi zaka 18 kapena kuposa. Ukwati wa chinkhoswe kapena ndowa yomangitsa a shehe ndi weniweni, koma wa ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko la eni amafuna setifiketi, safuna umboni wa pakamwa. Amene akamangire ukwati ku South Africa amafunsidwanso kalata yochokera kwawo yotsimikiza kuti sali pa banja lina. Mwamuna amene adasiya mkazi ku Mayani osamusudzula akadali pa banja, ngakhale patapita zaka zingati.

Mmalawi amalowa mu South Africa popanda viza ndipo amapatsidwa masiku 30 ocheza. Kuyambira mu 2014, wopyola masiku ake amaletsedwa kulowanso: chaka chimodzi ngati wapyola ndi masiku osaposa 30, zaka 5 ngati wapyola kuposa pamenepo. Wogwidwa alibe mapepala amatha kukasungidwa ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, podikira kubwezedwa. Wokwatirana ndi nzika ya dzikolo, kapena ndi munthu wa chilolezo chokhalitsa, akhoza kupempha viza ya pa banja yomulola kukhala, ngakhalenso kugwira ntchito, ndipo ukwati ukakwana zaka 5 akhoza kupempha chilolezo chokhalitsa. Mu 2019, pa mlandu wa Nandutu, khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo lidagamula kuti munthu wotere akhoza kupempha kusintha viza ali momwemo, osayamba wabwerera kwawo.

Mfundo imene ambiri amaiphonya ndi yakuti ukwati umapereka mapepala pokhapokha ngati mnzakoyo ali nawo. Kukwatiwa ndi Mmalawi mnzako amene nayenso adapyola masiku sikusintha kanthu. Pakatha masiku 30 m'nyumbamo muli akulu awiri oopa apolisi, ndipo mkazi womenyedwa amaopa kukadandaula.

Ku Britain mpanda ndi wa ndalama. Kuyambira pa 11 April 2024, woitana mkazi kapena mwamuna wake ayenera kuonetsa kuti amapeza mapaundi 29,000 pa chaka, kuchoka pa 18,600 amene adaikidwa mu 2012. Wobwerayo amayezedwa TB ndi kulemba mayeso a Chingerezi, ndipo ngati akufuna kutenga mwana wake, kawirikawiri ayenera kutsimikiza kuti udindo wonse wolera mwanayo uli pa iye yekha. Mayi amene mwana wake wakulira kwa agogo amavutika pa mfundo imeneyi.

Lonjezo la ukwati limagwiritsidwanso ntchito ndi ozembetsa anthu, ndipo lamulo la Malawi la mu 2015 lothana ndi mchitidwewu limawerengera chinyengo ngati njira imodzi yozembetsera. Mwamuna amene akukana kuti abale ake akaonekere kwa ankhoswe, kapena amene akuti pasipoti asunga ndi iye, ndi woyenera kumuopa.

Ntchito ilipo, mphamvu palibe

Mayi kapena bambo womupeza amaphika, amachapa, amaperekeza mwana ku sukulu ndi ku chipatala. Koma pa lamulo la South Africa ukwati pawokha sumupatsa mphamvu za kholo. Kutengera mwana pasipoti, kutuluka naye m'dziko, kapena kumupereka kuti akhale mwana wa munthu wina mwalamulo, zonsezi zimafuna chilolezo cha onse amene lamulo limawazindikira kuti ndi omuyang'anira. Bambo amene sadakwatire mayi wa mwana alinso ndi mphamvu zimenezi ngati ankakhala ndi mayiyo pa nthawi yobadwa mwanayo, kapena ngati adavomera kuti mwana ndi wake ndipo wakhala akuthandiza kumulera. Kholo lomupeza likhoza kupeza mphamvu kudzera m'pangano lolembedwa ndi kulembetsedwa, kudzera ku khoti, kapena potenga mwanayo kukhala wake mwalamulo, zimene kawirikawiri zimafuna kuti kholo linalo livomere.

Nanga ndalama? Udindo wopereka chithandizo uli pa makolo omubereka, ndipo sutha chifukwa mmodzi wakwatiranso. Mkazi amene akupita kwa mwamuna wa ana adziwiretu kuti gawo la malipiro lidzituluka mwezi ndi mwezi, ndipo ndi loyenera kutuluka. Ngati kholo lomupeza nalonso lingakakamizidwe kupereka, akatswiri a malamulo amatsutsana. Chizolowezi chakale chimati ayi. Koma mu 2024 khoti lalikulu la ku Western Cape lidalamula bambo wina kuti apitirize kuthandiza ana owapeza podikira kutha kwa mlandu wa chisudzulo, chifukwa adadziika yekha pa malo a kholo.

Pali lamulo lina limene wochokera kumudzi sangaliganizire. Mu September 2019 khoti loona za malamulo a South Africa lidathetsa ufulu wa makolo wolanga mwana pomumenya. Chikwapu chimene kumudzi ena amati ndi mwambo, kumeneko ndi mlandu, ndipo kwa mlendo mlandu ukhoza kumuonongera chilolezo chokhalira.

Zodziwika ndi zimene anthu amatsutsana

N'zodziwika kuti mabanja a ana owapeza si achilendo m'Malawi. Kafukufuku wa Georges Reniers wa mu 2003 m'maboma a Rumphi, Mchinji ndi Balaka adapeza kuti maukwati amatha kwambiri, makamaka ku Balaka kumene kuli chikamwini, ndipo akazi ambiri amakwatiwanso msanga. Kulera mwana wa mnzako ndi chinthu chimene Amalawi amachidziwa, ndipo mwambi umati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chimene chimautsa mkangano ndi funso lakuti kodi mwana womupeza ali pa chiopsezo chachikulu. M'zaka za m'ma 1980, Martin Daly ndi Margo Wilson a ku Canada adapeza kuti ana okhala ndi kholo lowapeza amazunzidwa kwambiri poyerekeza ndi okhala ndi makolo awo onse awiri, ndipo adati chifukwa chake ndi chibadwa cha munthu chokondera magazi ake. Ofufuza ena, kuphatikizapo a ku Sweden, adatsutsa. Iwo amati umphawi, kuledzera ndi mavuto amene akuluwo adali nawo kale ndiwo amakweza chiwerengero, ndiponso kuti olemba milandu amafulumira kukayikira kholo lomupeza. Pa chifukwa chake sakugwirizana, koma mbali zonse zimavomereza kuti makolo owapeza ambiri sazunza ana. Choyenera kuchiopa ndi nyumba yotsekeka, momwe mwana alibe wina womuuza zakukhosi. Moyo wa kunja umapanga nyumba zotere mosavuta.

Pa za kuzolowerana, katswiri wa ku America Patricia Papernow adaonetsa kuti banja lotere limatenga zaka, mwina 4, kawirikawiri 7, kuti likhazikike. Malangizo a akatswiri ngati iye ndi akuti poyamba kulanga kukhale kwa kholo lomubereka, wobwerayo ayambe wamanga ubale. Pano pali kusiyana ndi mwambo wathu, umene umafuna kuti mwana anene kuti amayi kapena ababa tsiku lomwelo. Ulemu ndi woyenera kuufuna kwa mwana. Chikondi chokha sichilamulidwa, ndipo mwana amene amayi ake ali moyo akamakakamizidwa kuwaiwala amaona wobwerayo ngati wolanda malo. Chiyankhulo chimaonjezera mtunda: mwana wokulira ku Joni amayankhula Chizulu kapena Chingerezi, mayi womupeza amayankhula Chichewa kapena Chiyao, ndipo m'nyumbamo mwana ndiye amadziwa njira, mitengo ya zinthu ndi mayankhulidwe. Wamkulu amasanduka wophunzira kwa mwana, zimene zimafuna kudzichepetsa.

Kumutenga kapena kumusiya kwa agogo

Nthawi zina wa mwana ndi wapaulendoyo. Ku Mayani yankho lachizolowezi ndi kumusiya kwa agogo kapena kwa amayi aang'ono, ndalama n'kumabwera pa Mukuru. Oikira kumbuyo njira imeneyi amati mwana amakhala mu mbumba yake, pa sukulu yake, kutali ndi zipolowe zodana ndi alendo ngati za mu May 2008, zimene zidapha anthu 62, ndi za mu April 2015 zimene zidachititsa boma la Malawi kutumiza mabasi okatenga anthu ake. Otsutsa amati agogo okalamba sangathe kulondoloza mtsikana wa zaka 14, ndalama zimaduka banja latsopano likabereka, ndipo mayi amene wapyola masiku sabwera kudzaona mwana poopa kuletsedwa kubwerera. Si pachabe kuti ku Dedza komweko Inkosi Theresa Kachindamoto adatchuka pothetsa maukwati a ana mazanamazana.

Womutenga mwana ayenera kukhala ndi pasipoti ya mwanayo, chiphaso chobadwira chochokera ku NRB, ndi kalata ya kholo linalo yovomereza. Kupereka mwana kwa matransipota kuti amudutsitse mozemba ndi kuika moyo wake pa chiswe. Akafika, sukulu ya boma siyenera kumukana chifukwa chosowa mapepala: khoti la ku Makhanda lidagamula motero mu December 2019. Koma mwana wobadwira ku South Africa makolo ake onse ali alendo sakhala nzika chifukwa chobadwira komweko. Ayenera kulembetsedwa ngati Mmalawi, ndipo ofesi za kazembe wa Malawi zili ku Pretoria ndi ku Johannesburg. Amene kholo lake limodzi ndi nzika ya South Africa ndi nzika nayenso, ndipo Nyumba ya Malamulo ya Malawi idavomereza unzika wa mayiko awiri mu December 2018.

Banja likatha kapena wina akamwalira

Viza ya pa banja imatha pamene banja latha. Kale zimenezi zinkakakamiza kholo lachilendo kusiya ntchito ndi kutuluka m'dziko, ana n'kutsala. Mu December 2023, pa mlandu wa Rayment, khoti loona za malamulo lidagamula kuti mlendo amene akulera mwana wake yemwe ndi nzika ya South Africa akhoza kupempha kukhalabe ndi kugwira ntchito. Chigamulochi chikukamba za kholo la mwanayo. Amene walera mwana womupeza zaka 10 popanda pepala lililonse asachidalire.

Kuthawa ndi mwana kubwerera ku Mayani popanda chilolezo cha kholo linalo ndi mlandu kumeneko. South Africa ili m'pangano la ku Hague la mu 1980 lobweza ana otengedwa mozemba, pamene Malawi mulibe, choncho milandu yotere pakati pa mayiko awiriwa ilibe njira yachidule ndipo wovutika ndi mwana.

Pa chuma cha masiye, lamulo la South Africa la mu 1987 limati munthu akamwalira osalemba wilu, mkazi kapena mwamuna wake amalandira gawo lofanana ndi la mwana mmodzi kapena R250,000, chimene chakula pa ziwirizi, zotsalazo n'kupita kwa ana omubereka ndi amene adawatenga mwalamulo. Mwana womupeza sawerengedwa. Okwatirana kumeneko osalemba pangano lina ukwati usanachitike kawirikawiri amaphatikiza chuma chonse, pamodzi ndi ngongole zomwe. Ku Malawi, lamulo la mu 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Nyumba ya malata imene yamangidwa ku Mayani ndi ndalama za ku Joni iweruzidwa ndi lamulo la kuno, ndipo ngati yamangidwa pa malo a kuchikazi, ana a mkazi wina sadzaiona mosavuta. Amene akufuna kuti mwana womupeza kapena mwana wa banja loyamba adzalandirepo kanthu alembe wilu.

Ntchito ya ankhoswe ulendo usanayambe

Ankhoswe athu adazolowera kufunsa za khalidwe la mwamuna, mudzi wake ndi abale ake. Pa ukwati wa kunja mafunso ayenera kuchuluka. Mnzakeyo ali ndi chilolezo chanji, ndipo chitha liti? Banja loyamba lidatha mwalamulo? Ana alipo angati, akukhala kuti, ndipo kholo lawo lina likudziwa za ukwatiwu? Mwanayo wauzidwa? Ana amene adzabadwe adzalembedwa kuti? Mayankho alembedwe, mbali zonse zisayine, a mfumu aone. Wapaulendoyo asunge yekha pasipoti yake ndi ndalama yokwanira basi yobwerera, ndipo akafika adziwike ku mpingo, ku mzikiti kapena ku gulu la Amalawi lothandizana pa maliro, kuti iye ndi mwanayo akhale ndi anthu owaona. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma la Dedza imathandiza pa nkhani za ana, ndipo nambala yaulere ya 116 imalandira madandaulo a ana ku Malawi ndi ku South Africa komwe.

Inu makolo ndi ankhoswe a ku Mayani, mwana wanu akabwera ndi nkhani ya ukwati wa kunja, musayambe ndi tsiku la ulendo. Yambani ndi dzina la mwana amene akamupeze, ndipo musalandire ndalama ya basi musanayankhule ndi abale a mwanayo.